Sefa ya Dothi ndi Miyala ya m'Munda

Munthu ali yense amene anatsikako pansi pa mgodi wa mkuwa, kaya ndi ku Nkana, ku Mufulira, ku Nchanga kapena ku Luanshya, adziwa zitsulo zija zochedwa grizzly. Ndizo njanji zakale, kapena zitsulo zina zolimba, zimene zimagonekedwa pakamwa pa dzenje lotsitsira miyala, zotalikirana ndi mipata yolingana. Miyala yophulitsidwa ikakhuthulidwa pamenepo, yaing'ono imagwera pansi yokha, koma yaikulu imatsakamira pamwamba kufikira atafika munthu wa nyundo kudzaiswa. Kunja kwa mgodi nchito yomweyo imacitikanso kaciwiri ndi kacitatu. Mwala ukatuluka m'makina ophwanya umatsetsereka pa masefa a citsulo onjenjemera. Wocepa upyola, wokula ubwezedwa kuti ukaphwanyidwenso. Kuyambira caka ca 1931, pamene mgodi wa Roan Antelope unayamba kutulutsa mkuwa, amuna zikwi zambiri akhala akuona zimenezi usana ndi usiku, kufikira maso ao anazolowera ndi kuleka kuzisamala.

Tsono masiku a nchito akatha, munthu yemweyo amalandira poloti kunja kwa tauni, kapena amabwerera kwao ku mapiri a ku Katete ndi ku Petauke. M'mawa woyamba wa kulima khasu ligunda pa mwala, moto uthetheka, mpini umgwedeza kufikira m'mapewa. Pofika madzulo khasu lapindika kukamwa, ndipo malo olimidwa sakwana ngakhale kuyalapo mphasa zitatu. Ena amataya mtima pomwepo, nati malo awa ngotembereredwa. Ena amatenga ndalama za penshoni, zimene anazikhetsera thukuta zaka 20, kukaitana tarakita asanadziwe ngati tarakitayo idzathandiza. Ocepa okha ndiwo amakumbukira kuti nchito imene yawapeza m'munda ndi yomwe ija anaisiya ku mgodi, kungoti yatembenuzika: kuja cofunidwa cinali m'mwala, kuno cofunidwa ndico dothi.

Alimi ambiri amalumbira kuti miyala imamera. Amati caka catha anatola yonse, koma caka cino yadzalanso. M'maiko ozizira kwambiri mau amenewa ali ndi coonadi cace. Ku Canada ndi kumpoto kwa United States nthaka imauma gwa ndi cisanu miyezi ingapo. Madzi a m'nthaka akaundana amafufuma, nanyamula mwala pang'ono. Pamene asungunuka, dothi limagwera m'mpata wa pansi pa mwalawo, ndipo sungabwererenso pamalo pace. Caka ndi caka umakwera cotero kufikira utatulukira poyera. Alimi a ku New England anatola miyala yotere mibadwo ingapo, ndipo malinga amene anamanga nayo m'malire a minda yao akali ciimire m'nkhalango kufikira lero, ngakhale minda yambiri inasiyidwa kale-kale.

Koma m'Zambia mulibe cisanu cotere, ndipo mwala sukwera wokha. Ngati miyala ikuculuka pamwamba pa munda, zifukwa zace nziwiri: kapena pulao yazama kufikira pamene miyala inagona, kapena dothi likucoka. Za cifukwa coyamba angacite umboni okumba zimbudzi ndi zitsime. M'malo ambiri a ku mtunda, wokumba amayamba wapyola dothi losalala, ndipo pansi pace amapeza mzere wa nsangalabwi zoyera ndi timiyala tofiira ta citsulo, tothinana ngati kuti wina anatiyala dala. Akatswiri a nthaka amati mmodzi wa oyala akewo ndiye ciswe. Ciswe sicingathe kusenza mwala. Cimanyamula timibulu ta dothi tokha, nicikwera nato kukamangira zulu ndi tinjira tace. Mvula imagumula zuluzo ndi kumwaza dothi lace, ndipo pakupita kwa zaka zikwi zambiri miyala imatsalira pansi, dothi losefedwa lili pamwamba. Nkuona oumba njerwa ku Copperbelt amathamangira pa culu: mwini culu anawasefera kale.

Cifukwa caciwiri ndico coopsa. Mvula nayonso ndi sefa, koma sefa yakuba, pakuti imatenga ufa ndi kusiyira mwini munda gaga. Itagwa mvula yamphamvu, munthu akawerama pa malo opanda udzu adzaona kamwala kali konse kataima pa kamsanamira ka dothi, kotalika ngati cikhadabo. Kamsanamirako ndilo dothi limene kamwala kanachinjiriza ku madontho a mvula. Lina lonse lozungulira lapita ku mtsinje. Motero mlimi wodandaula kuti miyala yace ikubalana ayenera kuyang'ana kumunsi kwa munda, kumene dothi lace launjikana m'khwawa. Munthu wotere akatola timiyala tonse ta pamwamba pa munda wotsetsereka, nautsiya wambee, wacotsa alonda otsiriza amene anali nao. Mfundo imeneyi iyenera kukhala m'mutu wa munthu asanagule waya kapena kuitana makina: si mwala uli wonse umene uli mdani, ndipo si munda uli wonse umene ufunika kusefedwa.

Za makina a pa tarakita pali zambiri zokoma kuziona. Njira yomangirira zipangizo kumbuyo kwa tarakita pa malo atatu, kuti zizikwezedwa ndi kutsitsidwa ndi mphamvu ya mafuta opanikizidwa, anaikonza Harry Ferguson wa kumpoto kwa Ireland, ndipo matarakita ace aang'ono otuwa anayamba kupangidwa ku Coventry m'caka ca 1946. Kucokera pamenepo tarakita inasanduka ngati mpini umodzi wolowa makasu ambiri. Pa nchito ya miyala cipangizo copepuka koposa ndico cokokolera ca mano opindika, cimene cimakoka miyala ya pamwamba ndi kuisonkhanitsa m'mizere, dothi lili kupulumuka pakati pa mano. Pambuyo pace pamabwera makina otola. Mmodzi wa amene anachuka nao ndiye Wilf Degelman, mlimi wa ku Raymore m'cigawo ca Saskatchewan ku Canada, amene anayamba kupanga makina otere m'caka ca 1962, kwao kumene kutola miyala ndi manja kunali nchito ya banja lonse caka ciri conse. Makinawo ali ndi mikono yozungulira imene imakankhira miyala pa zitsulo zotalikirana. Dothi limagwera pansi, miyala imakwera kulowa m'bokosi la kumbuyo, ndipo bokosi likadzala amakakhuthula m'mbali mwa munda.

Pali cinanso cimene wa ku mgodi angaciseke pociona, cifukwa adzacizindikira msanga. Ndico cifosholo ca kutsogolo kwa tarakita cimene pansi pace pali nthiti za citsulo zokha-zokha. Woyendetsa amatapa dothi ndi miyala pamodzi, nakweza, nagwedeza, ndipo m'cifosholomo mumatsala miyala yokha. Imeneyo ndi grizzly yomwe ija, yangopatsidwa mikono. Alimi a mbatata za kacewere ku Scotland ndi ku England ndiwo amapitirira onse. Asanabzale, makina amanyamula dothi lonse la mzere, naliyendetsa pa malamba a timitengo ta citsulo. Dothi losalala limabwerera pa mzere, miyala ndi zibuma zimagonekedwa m'khwawa la pakati, m'mene mudzapita matayala. Amabvutika cotero cifukwa mwala umabvulaza mbatata pokolola, ndiponso makina okumba sadziwa bwino kusiyanitsa mbatata ndi mwala wolingana nayo.

Makina onsewa ali ndi malire ace, ndipo eni ace sakonda kuwachula pamene akuwerenga ndalama. Cokokolera ndi makina otola zimatenga miyala ya pamwamba yokha, kotero kuti munda uyenera kulimidwa poyamba, ndipo pulao ikapitanso idzatulutsa ina. Dothi likakhala lonyowa limamatirira, ndipo limapita pamodzi ndi miyala kukataidwa, ndilo dothi la pamwamba lomwe, la conde. Palinso malo amene makina sangathe kanthu. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa mwala wa laimu, mtundu womwewo umene fakitale ya ku Chilanga inayamba kupangira sementi m'caka ca 1951. M'mapoloti ambiri a kumeneko cimene cioneka ngati mwala wogona pa dothi ndi nsonga cabe ya thanthwe lozika pansi. Mano a citsulo akakola pa nsonga yotere amathyoka, ndipo mlandu wa kulipira umagwera mwini poloti. Pa mafamu akulu a ku Mkushi kapena a ku Chisamba makina angabweze ndalama zace. Pa dimba la kuseri kwa nyumba, iai. Munthu asanaitane tarakita ayambe wayenda m'munda mwace ndi mgwala, kuyesa mwala umodzi-umodzi ngati ugwedera.

Kuwerengera pang'ono kumathetsa makani ambiri. Bedi la ndiwo lotalika mamita 10, m'lifupi mita 1, lokumbidwa kuzama masentimita 30, lili ndi dothi lokwana mawilibala 50, ndipo kulemera kwace kuli pafupi matani 4. Anthu awiri angalisefe m'masiku owerengeka osadzipweteka. Koma hekitala imodzi yolimidwa kuzama masentimita 20 ili ndi dothi lopitirira matani 2,500. Palibe munthu wa nzeru zace angaime ndi fosholo kuti asefe munda wa cimanga, ndipo cimanga comwe sicipempha zimenezo. Mizu yace imazemba miyala monga madzi azembera citsa. Mitengo ya zipatso ndi maungu nazonso sizidandaula. M'minda yotere nkokwanira kucotsa miyala yoposa nkhonya ya munthu, imene imaononga khasu ndi kudumphitsa pulao. Zofuna dothi losefedwa ndizo kaloti, amene akakomana ndi mwala amacita mphanda. Mbatata za kacewere. Ndi koposa zonse nazale ya anyezi, ya matimati, ya repu ndi ya fodya, m'mene kambeu kocepa ngati mcenga sikangathe kukankha nsangalabwi yogona pamutu pace.

Sefa ya nchito imeneyi munthu angaipange yekha tsiku limodzi Loweruka. Pafunika matabwa anai olimba, awiri otalika mita imodzi ndi theka, awiri ocepera pang'ono mita imodzi, okhomedwa ngati mphuthu za citseko. M'ngodya zonse zinai mukhomedwe timatabwa topingasa, pakuti sefa imayamba kufa m'ngodya. Waya wace ukhale wa maso a ngodya zinai, wowocherera kapena wolukidwa, wonenepa ndithu. Waya wa khola la nkhuku ndi wonyenga: mtengo wace ngwocepa, koma umatamuka ndi fosholo zoyamba, nucita thumba, ndipo maso ace amakula mosalingana. Pa dothi la m'dimba maso a mamilimita 12, amene m'masitolo amati hafu inchi, ndiwo abwino. Pa nazale ndi pa mcenga womangira pafunika a mamilimita 6, ndipo wa pulasitala amafuna ocepera pamenepo. Oyesa nthaka, monga a ku Mount Makulu pafupi ndi Chilanga, amasefa pa maso a mamilimita 2, ndipo cotsala pamwamba saciwerengeranso ngati dothi. Koma mlimi wotsanzira iwo adzakalamba asanabzale kanthu.

Pokhoma waya, amisiri ena amangopinda misomali pamwamba pace, ndipo pakutha kwa mlungu waya wazuka. Njira yokhalitsa ndiyo kukoka wayayo zolimba, kuikapo timatabwa topyapyala m'mbali monse, ndi kukhoma misomali kupyoza timatabwato, kuti waya upanidwe pakati pa mitengo iwiri. Timatabwato timabisanso nsonga za waya zimene zimang'amba manja ndi malaya. Kumbuyo kwa waya kupite thabwa limodzi kapena awiri opingasa, ocirikiza pakati. Pomariza pamangidwe miyendo iwiri kumutu kwa sefa, yomangidwa ndi bauti imodzi-imodzi kuti izitha kusendezedwa.

Miyendo yosendezekayo ndiyo cinsinsi ca sefa yonse. Sefa ikaima cilili, dothi limagubuduka pamodzi ndi miyala lisanapeze mpata wopyola, ndipo mulu wa zotaya umadzala ndi dothi labwino. Ikagona kwambiri, miyala imakhala pa waya osatsika, maso amatsekeka, ndipo munthu amataya nthawi kupalasa ndi fosholo. Poyambira pabwino ndi pakati-kati pa kuima ndi kugona. Kucokera pamenepo dothi lomwe lidzanena. La mcenga limalola sefa yoimirira, la makande limafuna yogonerako. Woponya aponye kumutu kwa sefa, fosholo yosadzaza, momwaza, kuti dothi liyende utali wonse wa waya. Amene analaisha miyala pansi pa mgodi sasowa kuphunzitsidwa kaponyedwe kameneka, ngakhale kuti ambiri a iwo amadzaza fosholo mopitirira, monga ngati kapitao akali kuwayang'ana kumbuyo.

Apa ndi pamene nzeru ya grizzly imalowa. Mwala waukulu ukaponyedwa pa waya kawiri katatu, waya umabooka. Cotero pa malo a miyala yambiri kutsogolo kwa sefa kukhale cina: mapaipi akale, kapena zitsulo za konkire, zogonekedwa motsetsereka pa mitengo iwiri, zotalikirana masentimita 5, ndiwo zala zitatu za munthu wamkulu. Zitsulozo ziyende cotsika, osati copingasa, kuti mwala uzitsetsereka osakodwa. Ndipo mipata yace ikule pang'ono kumunsi kuposa kumutu, kuti mwala wolowa m'mpata uzimasuka pamene ukutsika m'malo mwa kuthinitsidwa. Cimene capyola pa zitsulo ndico cipite pa waya. Munthu wocita motero amatsala ndi miyulu itatu, wa miyala yaikulu, wa timiyala, ndi wa dothi, ndipo uli wonse uli ndi nchito yace.

Kuli masefa enanso kwa amene msana unayamba kubvuta. Kasefa kakang'ono kokhazika pamwamba pa wilibala kamasunga nchito yotapanso dothi pansi. Sefa yopacikidwa ndi zingwe zinai ku nthambi ya mtengo imagwedezeka ndi dzanja limodzi, ngakhale la mwana wa sukulu, mofanana ndi mmene amai amasefera ufa. Kulemera konse kumasenzedwa ndi mtengo. Ena amatenga malimu atatu a njinga zakufa, nakulunga waya mozungulira kuti pakhale ngati mgolo wotseguka uku ndi uku, naugoneka mopendekera pa timatayala. Dothi lilowa kumtunda, mgolo uzunguzidwa, dothi ligwa pansi, miyala itulukira kumunsi. Makina akulu a mtundu womwewo, ochedwa trommel, ndiwo amasefa m'makwale.

Nyengo ya nchitoyi isankhidwe bwino. M'dzinja dothi limamata maso a waya ngati phala. Mu Okotobala limauma ngati njerwa, zibuma zimagubuduka monga miyala, ndipo fumbi limakwera. Nthawi yabwino ndiyo mvula itangoleka, mu Epulo ndi Meyi, pamene dothi lofumbatidwa m'dzanja limagwirana koma likakhudzidwa ndi cala limamwazika. Wofuna kusefa m'cilimwe awaze madzi pa mulu madzulo, nasefe m'mawa. Aimenso kumene mphepo icokera. Anthu a ku migodi, amene anaona anzao akubwezedwa kwao ndi cifuwa ca fumbi la miyala cochedwa silicosis, safunika kuuzidwa kawiri kuti mapapo alibe sefa yotulutsira cimene calowa.

Pokumba bedi, dothi lakuda la pamwamba liunjikidwe pa lokha, lofiira la pansi pa lokha, ndipo pobwezera lofiira litsogole. Ambiri amasakaniza, nadabwa kuti bedi losalala bwino likubala ndiwo zacikasu. Bedi losefedwa limatsikanso, cifukwa malo a miyala atsala opanda kanthu. Mpata umenewo udzazidwe ndi manyowa owola bwino, ndipo pamwamba paphimbidwe ndi udzu wouma. Dothi losefedwa likasiyidwa poyera, mvula yoyamba imaliomba ndi kuliumitsa cikhungwa pamwamba, ndipo mbeu zimalephera kubooleza.

Mwala wokana mgwala uli ndi njira yace. Ngati suli thanthwe, munthu akumbe dzenje pambali pace, lozama kotero kuti mwalawo ukagweramo ukhale pansi pa pofika pulao, naugwetseremo ndi mitengo. Koma asalowe m'dzenjemo kukakumba kunsi kwa mwala, pakuti mwala sucenjeza pogwa. Za wonga wa ku mgodi asaziganize nkomwe. Kukhala nao popanda cilolezo ndi mlandu waukulu, ndipo nyumba za anansi zili pafupi. Potembenuza mwala uli wonse wogona nthawi yaitali, aukokere kwa iye mwini kuti mwalawo ukhale pakati pa miyendo yace ndi cimene cili pansi, cifukwa zinkhanira ndi njoka zimakonda nyumba zotere.

Kwa anthu a m'tauni sefa imagwira nchito yoposa ya m'dimba, pakuti ambiri amamanga okha. Dothi la njerwa liyenera kusefedwa, makamaka kumene kuli mwala wa laimu. Kamwala ka laimu kakapsya m'uvuni pamodzi ndi njerwa kamasanduka laimu wamoyo. Pambuyo pace kamamwa cinyontho, nikafufuma, ndipo njerwa imene inatuluka yokongola imasweka yokha ili m'khoma. Timiyala totsala pa waya tingalowe m'konkire ya pansi pa nyumba, pa muyeso wodziwika wa ndowa 1 ya sementi, 2 za mcenga ndi 4 za miyala, koma titatsukidwa ndithu, cifukwa sementi sigwira pa mwala wobvala dothi. Timiyala tofiira tofumbutuka m'manja tisalowe m'konkire. Malo ace ndi pa njira ya ku cimbudzi ndi pansi pa madontho a denga, pamene madzi amakumba maziko. Miyala yaikulu ipite m'maziko ndi m'dzenje lomwetsa madzi a ku bafa. Amai amene amaswa miyala ndi nyundo m'mbali mwa miseu ya Lusaka amagulitsa mulu uli wonse monga mwa kukula kwa miyala yace, ndipo womanga amene anataya yace ku dzala amakagula kwa iwo yonga yomweyo.

Kwa wa kumudzi, miyala yotoledwa isacoke m'munda. Ku mapiri a Nyanga, kum'mawa kwa Zimbabwe, kuli zitunda zambiri-mbiri zimene alimi akale, zaka mazana angapo zapitazo, anazisandutsa makwerero. Anatola miyala ya pa citunda, naimanga m'timakoma tatifupi topingasa phiri, ndipo pakati pa timakomato panatsala dothi lolimika limene mvula sinathe kulikokolola. Timakomato tikali kuoneka kufikira lero, makamaka ku malo ochedwa Ziwa. M'zaka za m'ma 1980 alimi a ku Yatenga, kumpoto kwa Burkina Faso, kumene nthaka inauma ndi kukana mbeu, anacita zofanana pa malo otsetsereka pang'ono. Anayala mizere ya miyala yosafika ndi pa bondo pomwe, yaikulu kumunsi, yaing'ono yotseka mipata kumtunda. Mzere wotere suimitsa madzi monga mgula wa dothi, umene ukadzala umaphulika. Umangowacedwetsa, madzi napyola pang'ono-pang'ono, nasiya dothi ndi zinyalala kumtunda kwa miyala. Minda imene inasiyidwa inayambanso kubala mapira. Ambiri a iwo analibe miyala yokwanira m'minda mwao, ndipo anaituta kutali ndi ngolo za abulu ndi malole, miyala yonga imene mlimi wa ku Katete amaitemberera.

Mzere wa miyala uyenera kutsata malo olingana, apo ayi madzi adzathamangira ku mbali yotsika ndi kukumba ngalande. Cida coyesera nca mtengo wocepa, ndipo omanga nyumba amacidziwa: paipi yaitali ya pulasitiki yoonekera mkati, yodzazidwa madzi, nsonga zace zomangidwa pa ndodo ziwiri zolembedwa zizindikiro zolingana. Mmodzi aima ndi ndodo yace, mnzace asendera kukwera kapena kutsika kufikira madzi afika pa cizindikiro cimodzi-modzi pa ndodo zonse ziwiri; pamenepo akhoma cikhomo. Motsata zikhomozo akumba kangalande kosaya kokhazikamo miyala ya pansi, kuti madzi asaifukule.

Pali dothi limodzi limene sefa singalikonze, ndipo anthu a ku migodi ndiwo ali pafupi nalo. Mcenga wa pa madamu otayirapo zotsala za mgodi ndi wosalala ngati ufa woyera, wopanda mwala ngakhale umodzi, ndipo umakopa maso a wofuna kudzaza bedi. Koma ulibe cakudya ca mbeu, ndipo uli ndi zitsulo zimene siziyenera kufika m'mbale. Ku Kabwe bvuto nlalikulu koposa. Mwala wa mtobvu unapezeka kumeneko m'caka ca 1902, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtobvu likali m'dothi la m'makomboni oyandikana nao, monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mtobvu umalowa m'thupi la mwana pamene asewera pansi ndi kuika zala m'kamwa, ndipo umaononga ubongo wace mwakacete-cete, osaonetsa bala. Uli m'fumbi losalala lomwe, limene limapyola waya uli wonse; kotero wosefa dothi la kumeneko amataya miyala yosalakwa, nasunga poizoni, naumwazanso m'mwamba kuti ana aupume.

Banja lokhala m'malo otere lisasefe dothi la pa bwalo pace. Ndiwo zibzalidwe m'mabedi okwezeka kapena m'matumba, m'dothi lotengedwa kutali ndi mgodi, ndipo zitsukidwe bwino zisanaphikidwe. Ana asambe m'manja asanadye, ndipo apite nao ku cipatala kukayezedwa magazi. M'nyumba mukolopedwe ndi nsanza yonyowa m'malo mwa kusesa pouma. Pa bwalo, pamene ana amasewera, pabzalidwe kapinga, kapena payalidwe timiyala toyera tocokera kwina, tocindikala bwino, kuti dothi la pansi lisaoneke ndi kuti mphepo ya mu Ogasiti isalinyamule.